Magemu Osatha a pa Intaneti: Chimene Chimawamanga Anthu ndi Chimene Amataya

Masewera ambiri amakhala ndi mapeto. Mpira ukakwana mphindi 90 woimbira amaliza wezulo, wopambana wadziwika, aliyense n'kumapita kwawo. Koma pali mtundu wina wa magemu a pa intaneti umene unapangidwa kuti usamathe. Mumalowamo ngati munthu wina amene mwadzipangira nokha, kaya msilikali wa lupanga, wamatsenga, mlenje kapena wochiritsa anzake pankhondo. Mumamupatsa dzina ndi nkhope, ndipo mumakhala naye miyezi, mwinanso zaka. Dziko limene iye amakhalamo lili ndi mizinda, misika, nkhalango ndi zilombo, ndipo muli anthu enieni masauzande amene akusewera nthawi yomweyo ali m'nyumba zawo kumayiko osiyanasiyana. Mukazimitsa kompyuta, dzikolo silizima. Anzanu akupitabe patsogolo, mitengo pamsika ikusintha, nkhondo zikumenyedwa inu kulibe. Magemu amenewa amadziwika ndi chidule choti MMORPG.

Anayamba kale kuposa mmene ambiri amaganizira. Mu 1978, Roy Trubshaw ndi Richard Bartle, ali ophunzira pa yunivesite ya Essex ku England, anayamba kupanga gemu yotchedwa MUD. Munalibe zithunzi, munali mawu okhaokha, koma anthu angapo ankatha kukhala m'dziko limodzi longopeka nthawi imodzi. Intaneti itafika m'makomo, kunabwera Ultima Online mu 1997, Lineage ku South Korea mu 1998, kenako EverQuest mu 1999, imene osewera ake omwe ankaitchula kuti EverCrack poifanizira ndi mankhwala osokoneza bongo. Mu 2004 kampani ya Blizzard inatulutsa World of Warcraft, ndipo pofika 2010 inali ndi olembetsa 12 miliyoni. Ku America munthu ankalipira pafupifupi madola 15 mwezi uliwonse.

Kalipiridwe kameneka ndi kofunika kukamvetsa. Gemu yogula kamodzi, kampani yapeza kale ndalama yake tsiku limene mwaigula, ndipo mukaimaliza m'masiku atatu palibe chimene yataya. Gemu yolipira mwezi ndi mwezi, tsiku loopsa kwa kampani ndi limene mudzanene kuti basi ndamaliza. Opanga magemuwa si anthu oipa mtima, ambiri amaikonda kwambiri ntchito yawo ndipo nawonso ndi osewera. Koma malipiro awo amadalira kuti inu mubwerenso mawa, ndipo gemu yonse imamangidwa moganizira zimenezo.

Chinthu choyamba chimene chimakoka munthu ndi chakuti m'gemu khama limaoneka. Pansi pa sikirini pamakhala kamzere kamene kamadzaza pang'onopang'ono mukapha chilombo kapena mukagwira ntchito imene mwatumidwa. Kakadzaza, mwakwera level, mphamvu zanu zawonjezeka, kuwala ndi nyimbo zikukuthokozani. M'moyo weniweni munthu amatha kuwerenga chaka chathunthu osadziwa ngati adzakhoze mayeso, kapena kugwira ntchito mokhulupirika zaka zisanu wina aliyense osaona. M'gemu palibe thukuta lopita pachabe, ndipo malamulo ake ndi amodzi kwa mwana wa olemera ndi mwana wa osauka. Kwa munthu amene wakhala akulephera kwina konse, zimenezi zimakoma kwambiri, ndipo sitiyenera kumuseka.

Koma taonani mmene mphothozo zimagawidwira. Tsiku loyamba mumakwera ma level angapo m'maola ochepa. Pakapita sabata, level imodzi ikufuna madzulo athunthu. Mukafika pamwamba penipeni mumapeza kuti m'pamene ntchito yayambira: tsopano muyenera kusaka zida zabwino, ndipo mukazipeza kampani imatulutsa chigawo chatsopano cha gemu chimene chimasandutsa zida zanu zonse kukhala zachikale. Mapeto ake ali ngati chizimezime, mukamayandikira nachonso chimasuntha.

Pamwamba pa izi pali mwayi. Katswiri wa za khalidwe B. F. Skinner anaonetsa kalekale, poyesa makoswe ndi nkhunda, kuti nyama imalimbikira kwambiri kudina kapena kujompha kabatani ngati chakudya chikutuluka mosadziwika nthawi yake, kusiyana ndi pamene chikutuluka nthawi zonse. Ndipo chizolowezi chophunziridwa mwanjira imeneyi chimavuta kutha, chifukwa kulephera kakhumi sikutanthauza kuti ulendo wotsatira udzalepheranso. Makina a njuga amagwira ntchito chomwecho. M'gemu, tinene kuti chilombo china chimagwetsa lupanga losowa kamodzi pa maulendo 100. Munthu wachipha ka 60 osapeza kanthu. Masamu amati mwayi wake wa ulendo wa 61 ndi wofanana ndi wa ulendo woyamba, koma mtima umamuuza kuti watsala pang'ono, ndipo kusiya tsopano kungakhale kutaya maola onse apitawo. Amati kamodzi kokha, ndipo tambala amalira akadali pampando.

Kuti muone mmene opanga magemu amaudziwira mtima wa munthu, pali nkhani yodziwika ya World of Warcraft isanatuluke. Poyesa gemuyo, anaika lamulo loti munthu akasewera nthawi yaitali mphotho zake zizichepa ndi theka, pofuna kuti anthu azipuma. Oyesawo anadana nalo. Opangawo anangolitembenuza: mlingo wochepa uja anautcha wanthawi zonse, ndipo wokwera uja anautcha mphatso ya amene wapuma. Masamu sanasinthe kwenikweni, koma madandaulo anatha. Luso lomwelo la kudziwa chimene chimasangalatsa ndi chimene chimapweteka wosewera ndi limene linabweretsa ntchito za tsiku ndi tsiku, zimene mukapanda kuzigwira lero mphotho yake yapita, ndiponso zochitika za nyengo yochepa zimene sizidzabweranso. Apa munthu amayamba kulowa m'gemu chifukwa choopa kutaya, pomwe poyamba ankalowa chifukwa chofuna kusangalala.

Zonsezi n'zoona, koma ine ndimaona kuti amene amangolankhula za makoswe a Skinner amaphonya chingwe cholimba kwambiri. Chingwecho ndi anthu.

Zilombo zikuluzikulu za m'magemu amenewa munthu mmodzi sangazigonjetse. M'zaka zoyambirira za World of Warcraft, nkhondo zazikulu zotchedwa raid zinkafuna anthu 40 nthawi imodzi. Masiku ano chiwerengero chimakhala chocheperapo, koma mfundo yake sinasinthe. Aliyense ali ndi udindo. Wina amaima kutsogolo kuti chilombo chizimenya iyeyo, ena amachiritsa ovulala, ena amaponya zida. Mmodzi akalakwitsa, onse amafa n'kuyambiranso. Choncho osewera amapanga magulu okhazikika otchedwa guild, okhala ndi atsogoleri, malamulo ndi ndandanda ya masiku: Lachiwiri, Lachinayi ndi Lamlungu kuyambira 8 koloko usiku mpaka pakati pa usiku, mwachitsanzo. Magulu ena amafuna kalata yofunsira malo ngati kuntchito. Kuyambira nthawi ya EverQuest, magulu ambiri ankalemba mapointi a aliyense wofika pankhondo, ndipo chida chabwino chikagwa chinkapita kwa amene ali ndi mapointi ambiri. Wojomba ankatsalira, ndipo wojombajomba ankalandidwa malo.

Tsopano ganizirani munthu amene ndiye wochiritsa wamkulu wa gulu lotere. Mkazi wake akuti tiyeni tikaone odwala, kapena mawa ali ndi mayeso. Iye akudziwa kuti akapanda kulowa, anthu 20 kapena kuposa amene akonza madzulo awo, ena asintha nthawi ya ntchito, sadzasewera. Chimene akumva mumtima si chibaba chokha. Ndi manyazi okhumudwitsa anzake, ndi kufuna kusunga lonjezo, makhalidwe omwewo amene timawayamikira mwa munthu. Gemu yatenga kukhulupirika kwake n'kukugwiritsa ntchito. N'chifukwa chake kukalipira wosewera kuti zimitsa pompano kumayambitsa mkangano waukulu: gemu yotere siimitsidwa pakati, ndipo kuchoka nkhondo ili mkati kuli ngati kuthawa anzako.

Ndiponso ubwenziwo ndi weniweni. Anthu amene amacheza pa maikolofoni usiku uliwonse kwa zaka zitatu amadziwana mavuto awo, amatonthozana pa maliro, ena amakwatirana. Ku Norway kunali mnyamata wina wodwala matenda ofooketsa minofu, amene ankayenda pa njinga ya olumala ndipo anamwalira mu 2014 ali ndi zaka 25. Makolo ake ankalira poganiza kuti mwana wawo wafa wopanda anzake. Atamwalira anayamba kulandira mauthenga ochokera kwa anthu a m'gulu lake la World of Warcraft, ofotokoza mmene iye anawathandizira pamavuto awo, ndipo ena anachokera kumayiko ena kudzakhala nawo pamaliro. Aliyense wonena kuti zonse za m'magemuwa ndi zabodza ayambe waganizira nkhani imeneyo. Bartle yemwe uja analemba mu 1996 kuti osewera amafuna zosiyana: ena kupambana, ena kufufuza dziko, ena kucheza, ena kugonjetsa anzawo. Gemu yabwino ya mtunduwu imapereka zonsezi pamodzi, ndipo munthu wosungulumwa, wamanyazi kapena wonyozedwa kusukulu amapezamo ulemu umene kunja sakuupeza.

Mtengo wake woyamba ndi nthawi. Wofufuza Nick Yee anafunsa osewera oposa 30,000 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo anapeza kuti ankasewera pafupifupi maola 22 pa sabata. Anapezanso kuti sanali ana okhaokha: zaka zawo zinkazungulira pa 26, ndipo ambiri anali apantchito, ena apabanja. Maola 22 pa sabata ndi maola oposa 1,100 pachaka, ofanana ndi masiku oposa 140 a ntchito ya maola 8. Chimenecho ndi chiwerengero cha pakatikati, kutanthauza kuti alipo ambiri amene ankapitirira pamenepo. Mu World of Warcraft muli mawu ena apadera amene mukawalemba, gemu imakuuzani nthawi yonse imene mwathera pa munthu wanuyo, m'masiku athunthu a maola 24. Osewera akale ena amapeza masiku mazanamazana.

Maola amenewa sachokera kumwamba. Amadulidwa kwinakwake, ndipo poyambira pamakhala pa tulo. Nkhondo imene imayenera kutha 11 koloko imatha 2 koloko m'bandakucha chifukwa chilombo chinatsala pang'ono kufa. Ngati gululo lili kudera lina la dziko, nthawi yawo ya madzulo ikhoza kukhala pakati pa usiku kwa inu. M'mawa munthu amafika kuntchito kapena m'kalasi mutu uli wolemera, zotsatira zimatsika, abwana kapena aphunzitsi amadandaula, kunyumba kumabuka mikangano. Ndipo apa m'pamene pali msampha weniweni: moyo wakunja ukamaipa, gemu imakoma kwambiri, chifukwa ndi malo okhawo amene munthuyo akuchitabe bwino. Amathawira komwe kunayambitsa vutolo. Thupi nalo limalipira: msana, maso, zala, kudya mosalongosoka, ndipo kukhala pampando maola ambiri osadzuka kumawonjezera chiopsezo cha kuundana kwa magazi m'mitsempha ya m'miyendo.

Amene amavutika mwakachetechete ndi apabanja. M'nthawi ya EverQuest kunayamba magulu a pa intaneti a akazi amene ankadzitcha amasiye a gemuyo, amuna awo ali moyo m'chipinda chinacho. Kukhala ndi munthu amene thupi lake lili m'nyumba koma makutu ali m'mahedifoni, amene amaseka ndi anthu osaoneka koma kwa inu amangoti dikira pang'ono, kumapweteka mwanjira yovuta kufotokozera achibale, chifukwa sanamenye munthu, sanaledzere, sanagone kunja. Nkhani zoopsa kwambiri ziliponso. Mu 2010 apolisi ku South Korea anamanga mwamuna ndi mkazi wake amene khanda lawo la miyezi itatu linamwalira ndi njala, iwo akuthera maola ambiri m'nyumba zosewereramo intaneti, kulera kamwana kongopeka mu gemu ya Prius Online. Ku America, mayi wina amene mwana wake wosewera EverQuest anadzipha anayambitsa bungwe la On-Line Gamers Anonymous mu 2002. Nkhani zotere n'zosowa, ndipo nthawi zambiri mumakhalanso mavuto ena aakulu. Zimene zimachitika kawirikawiri sizituluka m'nyuzi: digiri yosamalizidwa, ntchito yotayika, ana okula bambo awo atawafulatira.

Ndalama nazo zinasintha kalowedwe. Magemu ambiri a masiku ano, makamaka a pafoni, kulowa n'kwaulere, koma mkati muli sitolo. Mumagula ndalama za m'gemu, zimene mitengo yake imasokoneza kuti musadziwe msanga kuti mwawononga zingati zenizeni, kenako mumagula mabokosi otsekedwa osadziwa zimene zili mkati, kapena mumachita maere. Mu Genshin Impact, imene inatuluka mu 2020, mwayi wopeza munthu wapamwamba kwambiri pa maere amodzi umayambira pa 0.6 peresenti, ndipo gemu imalonjeza kukupatsani mmodzi mukafika maere 90. Lonjezo limeneli limaoneka ngati chifundo, koma limachititsanso kuti amene wafika pa 60 aone kuti kusiya n'kupusa. Gawo lalikulu la phindu la magemu otere limachokera kwa osewera ochepa owononga ndalama zambiri, amene amalonda amawatchula kuti anamgumi. Japan inaletsa mtundu wina wa maere amenewa mu 2012, China inalamula mu 2017 kuti makampani azionetsa poyera mwayi wopambana, ndipo Belgium inagamula mu 2018 kuti mabokosi ogula ndi ndalama ndi njuga. Ine ndimagwirizana ndi Belgium. Ngati munthu akupereka ndalama yeniyeni kuti apeze chinthu chodalira mwayi, ndipo mwana wa zaka 12 akhoza kuchita zimenezi ndi khadi la kubanki la makolo ake, dzina lina silikufunika.

Wina angadabwe kuti munthu angalirire bwanji lupanga losaoneka. Koma katundu wa m'magemu ali ndi mtengo weniweni chifukwa anthu amamugula. Mu 2001 katswiri wa zachuma Edward Castronova anawerengera chuma cha dziko la EverQuest potengera malonda a katundu wake pa intaneti, ndipo anapeza kuti likanakhala dziko lenileni, chuma cha munthu mmodzi chikanakhala pakati pa Russia ndi Bulgaria. Mu January 2014, pankhondo ina ya mu gemu ya EVE Online imene inatenga maola pafupifupi 21, zombo zimene zinawonongeka zinali za mtengo wa pafupifupi madola 300,000. Mu 2005 khoti la ku Shanghai linaweruza bambo wina amene anapha mnzake chifukwa mnzakeyo anagulitsa lupanga la bamboyo la mu gemu ya Legend of Mir 3, limene anangobwereka, pamtengo wa ma yuan 7,200. Kunabadwanso ntchito yosewera n'cholinga chogulitsa golide wa m'gemu kwa olemera: achinyamata a ku China ankaigwira maola 12 pa tsiku, ndipo chuma cha Venezuela chitagwa, anthu ambiri kumeneko ankadyetsa mabanja awo ndi golide wa mu gemu ya Old School RuneScape. Komabe mwalamulo katundu yense ndi wa kampani. Mu January 2023 mgwirizano wa Blizzard ndi kampani ya ku China ya NetEase utatha, World of Warcraft inatsekedwa ku China, ndipo osewera mamiliyoni anakhala chaka choposa chimodzi osafika m'dziko limene ena anakhalamo kuyambira 2005.

Kodi kumwerekera kumeneku ndi matenda? Mu 2013 bungwe la madokotala a matenda a maganizo ku America, la American Psychiatric Association, linangoika vutoli pa mndandanda wa zofunika kufufuzidwa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linapitirira: mu 2019 mayiko anavomereza kuti lilowe m'buku la matenda la ICD-11, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 January 2022. Chofunika kuona n'chakuti WHO siwerengera maola. Imayang'ana zinthu zitatu: munthu akulephera kulamulira nthawi yoyamba ndi yosiya, gemu yatenga malo oyamba kuposa zina zonse za moyo wake, ndipo akupitiriza kapena kuwonjezera ngakhale akuona kuti zikumuwononga. Izi ziyenera kusokoneza kwambiri banja, sukulu kapena ntchito, ndipo kawirikawiri zikhale zitatenga miyezi 12. Munthu wosewera maola ambiri pa tchuthi koma n'kubwerera ku maphunziro ake bwinobwino sali m'gulu limeneli. Kafukufuku wosiyanasiyana amaonetsa kuti ovutika motere ndi ochepa, pafupifupi mmodzi mpaka atatu mwa anthu 100 alionse. Akatswiri oposa 20 anatsutsa poyera ganizo la WHO, ponena kuti umboni sunakwane ndipo osewera wamba adzayamba kuonedwa ngati odwala. Mfundo yawo ina ndi yolemera: ambiri omwerekera amakhalanso ndi matenda a nkhawa, kukhumudwa kapena vuto lolephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, ndipo gemu ikhoza kukhala pothawira osati gwero.

Maboma ena anayesa kugwiritsa ntchito wotchi. South Korea inaika lamulo mu 2011 loletsa ana osakwana zaka 16 kusewera pa intaneti kuyambira pakati pa usiku mpaka 6 koloko m'mawa, koma inalithetsa patapita zaka 10. Ana ankalowa ndi ziphaso za makolo awo, ndipo magemu a pafoni sankakhudzidwa ndi lamulolo. China inalimbitsa kwambiri: kuyambira 2021 osakwana zaka 18 amaloledwa ola limodzi lokha, kuyambira 8 mpaka 9 koloko usiku, Lachisanu, Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi. Kumeneko kunalinso misasa yonga ya asilikali yochiritsira ana omwerekera, ndipo nkhanza za m'malo ena zinafika poti unduna wa zaumoyo unaletsa kugwiritsa ntchito magetsi powachiritsa mu 2009. Malamulo onsewa amakhudza ana, pomwe osewera ambiri a magemu amenewa ndi akuluakulu amene palibe angawazimitsire kompyuta.

Chimene chimathandiza chimayambira pa kudziwa chimene gemuyo ikumupatsa munthuyo. Kholo kapena mnzake wa banja amene wafunsa kuti gulu lanu limasewera masiku ati, udindo wako ndi wotani, nkhondo imodzi imatenga nthawi yaitali bwanji, amatha kugwirizana naye nthawi yosiya asanayambe, m'malo molimbana naye nkhondo ili mkati. Osewera ambiri amene anachepetsa sanayambe ndi kufufuta gemu. Anayamba ndi kutula udindo m'gulu, kuchoka pa ndandanda ya masiku okhazikika, kuchotsa khadi la kubanki, ndi kuteteza nthawi yogona. Kumene madzi afika m'khosi, uphungu wothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi zizolowezi ndi umene madokotala amagwiritsa ntchito kwambiri, pamodzi ndi kuchiza nkhawa kapena kukhumudwa ngati zilipo. Ku London, a zaumoyo a boma anatsegula chipatala chapadera cha vutoli mu 2019, chimene chimathandizanso makolo ndi achibale.

Wosiyiratu amakumana ndi zinthu ziwiri zimene apabanja pake sayembekezera. Mwadzidzidzi ali ndi maola 20 kapena 30 pa sabata opanda chochita, ndipo wataya anzake ambiri tsiku limodzi, chifukwa ubwenzi wa m'gulu umayenda ndi kusewera. Masabata oyamba amakhala osungulumwa ndi okwiyakwiya, ndipo ngati palibe anthu kapena ntchito yodzaza mpatawo, kubwerera kumakhala kosavuta. Makampani ambiri safufuta munthu wanu wa m'gemu mukasiya kulipira. Amamusunga ndi zida zake zonse, ndipo chigawo chatsopano chikatuluka amatumiza uthenga wokuitanani, nthawi zina ndi masiku angapo aulere.